Tsamba Lachitatu la Buku la Nyenyezi

Pashopu yosindikiza ndi kumata mabuku ija, dzina lake lenileni linali litaiwalika kalekale. Onse ankangomuti Kaguluu, chifukwa zala zake sizinkasowa guluu ngakhale atazikwecha chotani. Anali mtsikana wa manja abwino. Buku lomata iye unkatha kuligwetsa kakhumi, tsamba ndi limodzi lomwe osathothoka. Makina odinda zilembo zagolide pachikuto, m'tauni monsemo anali pashopu yawo pokha, ndipo wowadziwa bwino anali iyeyo.

Lolemba lina masana kunalowa mnyamata wamtali, wamagalasi, atanyamula chikwama chothothoka lamba. Anapereka fulashi n'kupempha kuti amusindikizire chithunzi chimodzi chokha.

Pepala litatuluka, Kaguluu anakwinya nkhope. Panali chinthu chofiira chosadziwika mutu wake, chozunguliridwa ndi chifunga.

"Pepani achimwene, makina athu ayamba misala. Ndibwereza."

"Ayi, musabwereze. Chatuluka bwino kwambiri."

"Bwino? Ichi? Chikuoneka ngati dzira lophwanyikira pansi!"

Mnyamatayo anaseka mpaka anavula magalasi n'kupukuta m'maso.

"Zaka zitatu ndili pa chinthu chimenechi, palibe anachifotokozapo bwino ngati inu. Imeneyi ndi nyenyezi, achemwali."

"Nyenyezi ndimazidziwa ine. Sizikhala chonchi."

"Iyi si yakwathu kuno. Ili mu mlalang'amba wina, woyandikana ndi wathu. Kukula kwake, mutaiika pamene pali dzuwa lathuli, ingameze dziko lino ndi anzake angapo, osamva kukhuta. Kuwala kwake kumaposa kwa dzuwa maulendo zikwizikwi. Koma yakalamba. Ikulavula fumbi lake lomwe, ndiye chifunga mukuonachi."

"Dzina lake ndani?"

"Ilibe dzina lokoma. Zilembo ndi manambala basi."

"Chinthu chachikulu chonsecho osachipatsa dzina? Anthu ophunzira mulibe chisoni."

Kuseri kwa kauntala kunali Madala, bambo wa imvi amene ankadula mapepala ndi chimpeni chachikulu cha pashopupo. Mnyamata uja atatuluka, iwo anatsokomola kawiri.

"Mwana wanga, Wanyenyezi uyu abweranso. Watuluka chobwerera m'mbuyo."

Madala sananame, ndipo dzina lija linamukanirira. Wanyenyezi anasanduka kasitomala wa tsiku ndi tsiku. Anali wophunzira pa yunivesite, ndipo ankalemba buku lalikulu la digiri yake, lonena za nyenyezi yofiira ija. Lero abwera ndi masamba khumi, mawa awiri, mkuja tsamba limodzi loti akanatha kusindikiza kusukulu komweko. Pasanathe mwezi, za "achimwene" ndi "achemwali" zinali zitatha. Nthawi ya nkhomaliro ankakhala awiriwiri pabenchi ya kuseri kwa shopu, pamene ankaunjikapo makatoni akale.

"Ukudziwa kuti ndiwe nyenyezi yanga?" anatero tsiku lina, atamugwira zala zomatamata zija.

"Iti? Yonenepa, yokalamba, yolavula fumbi ija? Zikomo kwambiri, bambo!"

"Chabwino, ndalakwa. Ndiwe Golide wanga. Chimene wadinda mumtima mwangamu palibe angachifufute."

Kaguluu anayang'ana kumbali kuti asaoneke kuti akumwetulira. Anyamata ambiri anali atamuponyerapo mawu, koma onse ankayamba ndi kumuuza kuti asambe m'manja. Uyu yekha ndi amene anapsompsona chala cha guluu. Ndani akanapirira?

Mameseji nawo ankagwa ngati mvula.

"Golide wanga, tsiku lonse ndimayeza kuwala kwa nyenyezi, koma kwako ndalephera. Makina akukana."

"Siya bodza, kadye," ankayankha choncho. Koma meseji yomweyo ankaiwerenga kasanu, mpaka Madala kumukumbutsa kuti guluu akuuma mumphika.

Kamodzi anapempha kuti amuonetse nyenyeziyo kumwamba.

"Ndi maso sungaione," anatero Wanyenyezi. "Imafuna telesikopu yaikulu, ya kuphiri kumene ndimapita kuja. Tsiku lina ndidzakutenga. Ndidzakuveka jekete langa, chifukwa kumazizira koopsa."

Kuphiriko ankapita kumapeto kwa mwezi uliwonse. Ankasowa masiku anayi, foni ili zii, chifukwa akuti kumeneko kunalibe netiweki. Kaguluu sankadandaula. Ankangomuona m'maganizo ali yekhayekha pamwamba pa phiri, akunjenjemera, diso lili pagalasi. Mpaka anamulukira chipewa chaubweya, chala chake n'kutupa ndi singano.

Kunyumba Kaguluu ankakhala ndi mayi ake okha, m'kanyumba ka zipinda ziwiri. Mayiwo anali munthu wosakonda zozungulira.

"Kodi mkamwini wangayo ali ndi miyendo? Chaka chatha ndikungomva za nyenyezi. Munthu wofuna mwana wa eni ake amaonekera pakhomo."

"Ali pa sukulu, Amayi. Akamaliza abwera."

"Ine sindikukana. Koma ndimuone ndi maso angawa."

Kaguluu anakamuuza mawuwo pabenchi paja, mtima uli m'mwamba. Wanyenyezi anaika dzanja pachifuwa.

"Tamvera, Golide. Tsiku limene ndidzapereke bukuli kwa apulofesa, Lamulungu lake ndidzabwera kwanu. Ndidzagwada pamaso pa amayi ako ndi kuwapempha dzanja lako. Ndikanama, dzuwa lisanditulukire."

"Usalumbire choncho!"

"Ndalumbira kale."

Kuyambira pamenepo buku lija linasanduka lake nayenso. Mutu uliwonse umene unkatha, kwa iye linali phazi limodzi lopita pakhomo pa mayi ake. Masamu a m'bukumo sankawamva, koma ankadziwa kuti mitu yonse ndi isanu ndi umodzi, ndipo ankaiwerenga ngati mmene wodwala amawerengera masiku otuluka m'chipatala.

Pa mutu wachisanu panagwa tsoka. Laputopu ya Wanyenyezi inazima osayakanso, ndipo mutu wonsewo unapita nayo. Chotsala chinali mapepala amene anasindikiza kale, odzaza ndi inki yofiira ya apulofesa. Tsiku lomwelo anabwera ali wefuwefu, akuti amuitana kuphiri mwadzidzidzi, akakhalako milungu itatu.

"Ndatha ine, Golide. Nthawi yoti ndilembenso ndilibe."

"Bweretsa kuno," anatero Kaguluu.

Milungu itatu yathunthu sanadye nkhomaliro. Anzake akatuluka, iye ankakhala pakompyuta ya pashopu, chala chimodzi pamzere, dzanja lina likutayipa. Masamba makumi anayi ndi awiri, odzaza manambala ndi tizizindikiro toti sanationepo chibadwire. Mutuwo unkanena za mmene nyenyezi ija ikuzilalira chaka ndi chaka. Maso ankamuwawa, msana unkaphwanya, koma akaganiza za Lamulungu lija, ululu wonse unkathawa.

Wanyenyezi anabwerako atatopa, maso ali psuu ngati munthu wosagona, koma nkhope ikuwala ndi chimwemwe chachilendo. Ataona mutu uja, anamunyamula n'kumuzunguza pakati pa makatoni.

"Ndikanakhala ndani popanda iwe?"

"Chitsiru cha magalasi," anayankha Kaguluu, misozi ya chisangalalo ili m'maso.

Patapita miyezi inayi, tsiku linadziwika. Buku lidzaperekedwa Lachisanu, isanakwane folo koloko madzulo. Kaguluu anathamangira kunyumba ngati mwana wakhoza mayeso. Mayi ake anaimirira pakati pa chipinda, manja m'chiuno, n'kuyang'ana makoma.

"Munthu wophunzira sangalowe m'nyumba yakuda chonchi. Tipaka penti."

Anapakadi, okha, ndi burashi yobwereka. Anatumiza mawu kwa achimwene awo, amalume ake a Kaguluu, kuti akwere basi adzakhalepo. Anauza amayi anzawo a kwaya, ndipo mukudziwa kuti chimene amva amayi a kwaya, chamveka mzinda wonse.

Lachitatu la mlungu womwewo, Kaguluu anafunsa pabenchi paja:

"Bukulo ubweretsa liti kuti ndilimate? Ndakusungira chikuto chakuda chabwino kwambiri."

Wanyenyezi anakanda kumutu.

"Golide, usakwiye. Lomalizali ndikamatitsa ku shopu ya pageti la sukulu."

"Chiyani? Manja anga aipa lero?"

"Ayi, wokondedwa! Wavutika nalo kokwanira. Ndikufuna udzalione litatha, ngati mphatso. Mkwatibwi sadziphikira yekha paukwati wake."

Zinamupweteka, koma mawu akuti mkwatibwi anaphimba zonse. Anaseka, n'kumumenya kakhofi paphewa.

Munthu angadziwe kukula kwa nyenyezi ya mu mlalang'amba wina, koma osadziwa zochitika mumsewu wake womwe. Wanyenyezi sankadziwa kuti shopu ya pageti ilibe makina a golide. A pashopuyo ankangolandira ntchito ndi ulemu wonse, n'kuitumiza mwakachetechete kwa Kaguluu. Makasitomala sankauzidwa, ndipo zinali choncho kwa zaka zambiri.

Lachisanu m'mawa, shopu itangotsegulidwa, panafika katoni. Pamwamba pake analembapo ndi inki yakuda: "Zachangu. Mabuku asanu, chikuto cholimba, golide. Atheke lero masana."

Kaguluu anatsegula. Ataona mutu wa buku ndi dzina la mwiniwake, anaseka mpaka anagwira pamimba.

"Madala, taonani! Mphatso yanga yabwera yokha!"

"Wakuba wakabisa mbuzi m'khola la mwiniwake," anatero Madala akuseka nawo.

Anaganiza zolimata mwaluso kuposa buku lililonse limene analigwirapo, osamuuza, kuti adzamuseke bwino Lamulungu. Anasamba m'manja. Kenako anachita zimene ankachita ndi buku lililonse asanalisoke: kuwerenga masamba limodzilimodzi, kuti pasakhale losowa kapena lozondoka.

Tsamba loyamba, mutu wa buku. Lachiwiri, malo osainira apulofesa. Lachitatu linali loyera, kupatula mizere inayi pakati. Tsamba limeneli anali asanalionepo. Kodi mphatso ija ndi imeneyi? Anapukutanso zala pa epuloni, n'kuwerenga.

"Kwa mkazi wanga wokondedwa, amene unkandidikira pakhomo kumapeto kwa mwezi uliwonse. Ndi kwa mwana wathu wamkazi, amene unabadwa ndikulimbana ndi mutu wachisanu. Buku ili ndi lanu."

Anawerenganso. Anawerenga kachitatu, chala chili pamzere ngati mmene ankachitira potayipa. Mawu sanasinthe.

Mkazi wanga? Mwana wathu? Mutu wachisanu?

Anakhala pa katoni ya mapepala. Ndiye kuti milungu itatu ija, iye akuswera ndi njala pakompyuta, mwiniwake anali atanyamula khanda! Maso ofiira aja, chimwemwe chija, sizinali za phiri!

Anatsegula tsamba lachinayi, la mathokozo. Apulofesa analipo. Anzake a m'kalasi analipo, aliyense ndi dzina lake. Pansi penipeni panali kamzere kamodzi: "Ndikuthokozanso ogwira ntchito m'mashopu osindikiza chifukwa chogwira ntchito mwachangu."

Foni inalira m'thumba la epuloni.

"Wadzuka bwanji, Golide wanga? Lero ndi lero! Kwangotsala kugona kawiri. Ndimakukonda kuposa dzulo."

Apo ndi pamene misozi inatuluka. Sanalire mokweza. Inkangotsika yokha, ndipo iye anakankhira mapepala kutali kuti asanyowe.

Madala anasiya chimpeni chawo n'kubwera. Anavala magalasi, anawerenga tsambalo, n'kuwavulanso pang'onopang'ono.

"Chikomekome cha mkuyu," anatero motsitsa, osamaliza n'komwe. "Mwana wanga, ine ndakalamba. Maso anga saona bwino masiku ano. Chimpeni changa chikhoza kulakwa lero, n'kudya mizere iwiri ya m'munsi pa mabuku onse asanu. Folo koloko ikwana alibe chopereka."

Kaguluu anayang'ana chimpenicho. Anachilakalaka, osanama. Kudula kumodzi kokha, zaka zisanu za munthuyo zikanagwera pansi pamodzi ndi zinyenyeswa za mapepala.

"Ayi, Madala."

"Ukumumverabe chisoni?"

"Iye ayi. Koma muli mwana m'bukumu, sanandilakwire. Ndipo mutu wachisanu ndinaulemba ndi zala zangazi. Sindingaudule."

Anaimirira, anapukuta nkhope, n'kuyamba ntchito. Anasoka mabuku onse asanu ndi ulusi wolimba. Anapaka guluu kumsana, anamata zikuto zakuda zomwe zija anamusungira, n'kuwapanikiza kuti aume. Chimatireni mabuku, sanagwirepo ntchito yaudongo ngati imeneyo. Itakwana thwelofu anaimbira foni a shopu ya pageti.

"Muuzeni mwiniwake abwere kuno. Sindidinda golide asanaone yekha."

"Koma achemwali, makasitomala sitiwauza kuti..."

"Lero muwauza."

Wanyenyezi anafika thu koloko itangodutsa. Anaima pakhomo nthawi yaitali, ngati munthu woopa galu. Akanatha kuthawa, koma mabuku ake anali mkati ndipo nthawi inali kutha. Analowa, thukuta lili kamukamu.

Kaguluu anali kuseri kwa kauntala, mabuku asanu ataunjikidwa bwinobwino patsogolo pake.

"Ndinu eni ake a mabukuwa?"

"Golide..."

"Pano tili ndi lamulo, bambo. Tisanadinde, mwiniwake aone ngati zonse zili bwino, chifukwa tikadinda sitibweza. Dzina lanu ndi ili?"

"Golide, ndimvere kaye."

"Ndi ili?"

"Inde."

Anatsegula buku lapamwamba, n'kulitembenuzira kwa iye.

"Nanga tsamba ili? Palibe cholakwika? Tawerengani mokweza, mwina ine sindinaphunzire mokwanira."

Wanyenyezi anayang'ana tsambalo.

"Ndimafuna kukuuza," anatero potsiriza. "Tsiku lililonse ndimafuna kukuuza. Tinakwatirana ndisanabwere kusukulu kuno. Amakhala kwathu, kutali. Ine kuno ndinali ndekha, kenako ndinakuona iwe, ndipo... Golide, chikondi changa pa iwe sichinali chabodza!"

"Kuphiri kuja unapitako kangati?"

Wanyenyezi anayang'ana pansi.

"Ndakufunsa. Kangati?"

"Sindinapiteko."

"Ngakhale kamodzi?"

"Miyeso ya nyenyeziyo timangoitenga pa kompyuta. Amayeza ndi ena. Telesikopuyo ine sindinaionepo."

Kaguluu anaseka, kuseka kowawa kumene kunachititsa Madala kuyang'ana kumbali.

"Ndiye jekete lija ukanandiveka kuti? Ine kumakulukira chipewa kuti usazizidwe, iwe uli m'bulangete la mkazi wako!"

"Ndikhululukire. Ndinasowa poyambira."

"Poyambira unapapeza bwinobwino. Unasowa pomalizira." Anapuma mozama. "Ndiuze chinthu chimodzi chokha, ndipo usaname, chifukwa bodza lako ndakhuta nalo. Lamulungu ukanatani? Amayi anga apaka penti nyumba. Amalume akwera basi mawa. Ukanabwera kudzagwada ndi mphete ya wina m'thumba?"

Wanyenyezi anavula magalasi. Anawapukuta ndi malaya, anawavala, anawavulanso.

"Sindikanabwera."

"Ukanati wadwala?"

"Ndikunyamuka mawa m'mawa. Chipinda ndabweza kale. Ndikanakulembera meseji ndili m'njira."

Mawu amenewo ndi amene anamulasa kuposa tsamba lija. Mkazi, mwana, phiri labodza, zonsezo anali atazimeza kuyambira m'mawa. Koma m'kona ina ya mtima wake munali kachiyembekezo kopusa, koti mwina munthuyu anasokonezeka, mwina ankavutika kusankha. Ayi ndithu. Anali atasankha kalekale, katundu atamanga. Ndipo m'mawa womwewo anali atalemba kuti kwangotsala kugona kawiri!

"Meseji," anatero Kaguluu motsitsa. "Zaka ziwiri, meseji."

Anatenga mabuku aja n'kupita nawo pamakina. Anayala zilembo, anadikira kuti zitenthe, n'kudinda. Dzina la munthuyo linatuluka likunyezimira, lowongoka bwino, kasanu konse. Wanyenyezi anangoima pakauntala, akuonerera.

Atamaliza anawakulunga m'pepala loyera n'kuwakankhira kwa iye.

"Musawatsegule kwambiri lero, guluu sanaumitsitse. Thamangani, apulofesa akudikira."

"Golide, chonde, tisasiyane chonchi. Ndilole ndidzakuimbire, ndikufotokozere bwinobwino."

"Dzina limenelo lisiyeni pakauntala pomwepa. Mukafika, mwanayo mukamunyamule ndi manja awiri. Ameneyo yekha musadzamunamize."

Wanyenyezi anatsegula pakamwa, koma Madala anali ataima kale pambali pake, atatsegula chitseko.

"Njira ndi iyi, bambo. Mapanga awiri avumbwitsa."

Anatuluka atakumbatira mabuku ake. Ulendo uno sanacheuke.

Kaguluu anatsuka burashi ya guluu, anazimitsa makina, anapachika epuloni. Madala anamuuza kuti apite, zotsala amaliza okha. Mu minibasi anakhala kumpando wakumbuyo, nkhope ili pawindo. Sankaganizanso za Wanyenyezi. Ankaganiza za mayi ake. Awauza bwanji? Ayambira pati?

Anafika dzuwa lisanalowe. Chitseko chinali chotsegula kuti fungo la penti lituluke. M'chipinda chochezera munali mipando isanu ndi umodzi yosafanana, yobwereka kwa anthu oyandikana nawo, itandandalikidwa m'mbali mwa khoma. Mayi ake anali atakwera pa kampando, akupachika makatani atsopano, mapini ali pakamwa, akung'ung'udza nyimbo ya kwaya.

"Wabwera msanga! Tagwira uku. Mpando wa khushoniwo ndi wa mkamwini, wina asakhalepo. Wapereka bukulo?"

"Wapereka, Amayi."

"Ambuye alemekezeke! Ndiye ukuimiranji ngati mlendo? Gwira katani."

"Amayi, tatsikani kaye."

Mayiwo anatembenuka. Anamuyang'ana mwana wawo kumaso, nthawi yaitali. Nyimbo inathera pakhosi. Anachotsa mapini pakamwa limodzilimodzi, n'kutsika pang'onopang'ono, katani ili lende mbali imodzi.

"Sabwera?"

"Sabwera."

"Ali ndi wake?"

"Ndi mwana yemwe."

Kaguluu anadikira. Anadikira mawu akuti ndinakuuza, akuti wandichititsa manyazi, akuti ndiwauza chiyani amalume ako ndi amayi a kwaya. Anali atawakonzekera njira yonse.

Mayi ake anayang'ana makoma oyera aja, anayang'ana mipando. Kenako anakoka mpando wa khushoni uja n'kuuika pakati pa chipinda.

"Khala apa."

"Amayi, pepani. Ndakuchititsani..."

"Ndati khala." Anamukhazika pansi ndi manja awo, n'kumuvula nsapato ngati kamwana. "Mipandoyi ndikabweza ndekha m'mawa, khomo ndi khomo. Amalume ako ndiwaimbira ine. Aliyense wofuna kudziwa afunse ine, ndili ndi pakamwa. Iwe sunabe kanthu ka munthu. Wamva?"

Kaguluu anagwedeza mutu. Anafuna kuyankha, koma chimene chinatuluka ndi kulira kumene anakumeza tsiku lonse, kulira kokweza, kosachita manyazi.

"Ndinamukonda, Amayi! Ndinamukonda zenizeni!"

"Ndikudziwa, mwana wanga," anatero mayi ake, atamupanikiza mutu pachifuwa pawo. Ndi phazi anakankha chitseko kuti chitsekeke. "Ndikudziwa. Lira, muno tilimo awiri."